Msewu Wopanda Nambala: Galimoto Ikafera Panjira, Athandiza Ndani?

Kumudzi, msewu ndi paliponse pamene padutsa matayala. Ngolo ikadutsa kawiri katatu, njinga zikatsatira, lole ya feteleza ikayesa n'kufika, anthu amayamba kunena kuti kwawoko kuli msewu. Amaupatsa dzina la mfumu, la tchalitchi kapena la mtsinje umene umawoloka, ndipo palibe amene amasokera. Koma m'mabuku a boma nkhani siyenda choncho. Kumeneko msewu umadziwika ndi chilembo ndi nambala, ndipo umene ulibe ziwirizi uli ngati mwana wosalembedwa m'kaundula wa sukulu, amene amalowa m'kalasi tsiku ndi tsiku koma pogawa mabuku dzina lake silitchulidwa.

Ambiri amaganiza kuti kusiyana kumeneku ndi nkhani ya maloya ndi mainjiniya okha. Amene amakumvetsa msanga ndi mlimi amene katundu wake wagona patchire chifukwa galimoto yafera panjira. Tsiku limenelo mafunso amakhala atatu: msewu uno mwini wake ndani, ndalama zoukonzera zimachokera kuti, nanga amene wavutika pamsewupu amuthandiza ndani?

Matimati a dzinja

Mayi wina, mlembi wa kalabu ya alimi m'boma lina la kumapiri m'chigawo chapakati cha Malawi, anakumana nawo mafunso amenewa usiku umodzi. Kalabu yawo, ya mabanja 18, inkalima matimati a dzinja. Mlimi aliyense amadziwa kuvuta kwa matimati a nthawi ya mvula. Chiwawu chimafuna mankhwala sabata ndi sabata, mbewu iliyonse imafuna kamtengo koigwiriziza, ndipo udzu sudikira. Chimene chimalimbitsa mtima ndi mtengo, pakuti mu February ndi March matimati amasowa pamsika ndipo dengu limodzi limagula zinthu zooneka. Tsoka lake ndi lakuti miyezi imene mtengo umakoma ndi yomweyo imene misewu ya fumbi imaipitsitsa.

Chaka chimenecho mamembala anagwirizana zoleka kugulitsa kwa mavenda obwera pamunda. Anachita hayala lole ya matani atatu kuti akagulitse okha ku Blantyre, ndipo ndalama ya hayalayo anaikongola ku banki mkhonde. Mayi mlembi ndi amene anasankhidwa kuperekeza katundu, popeza ndiwo ankasunga buku la madengu a membala aliyense.

Kuchokera kumudzi kukafika pa tala pali makilomita 14. Lole inanyamuka dzuwa litapendeka kuti ikalowe mumsika mbandakucha. Itayenda makilomita 9, pamalo pamene madzi anali atadya m'mbali mwa kamlatho, tayala lakumbuyo linagwera m'dzenje, ekiselo n'kuthyoka.

"Achimwene, ndiye titani pamenepa?" anafunsa mayiwo.

"Mayi, pano palibe chochita," anayankha dalaivala. "Abwana ndawaimbira. Akuti makaniko abwera mawa, ngati chitsulocho chipezeke."

Anayesa kuimbira mwini galimoto yokoka zinzake, ija anthu amangoitcha breakdown, amene amakhala pa boma. Iye atamva dzina la malowo anakana, nati nthawi ya mvula galimoto yake sichoka pa tala. Atamuchonderera anatchula mtengo woposa ndalama imene katundu yense akanabweretsa.

Thandizo linachokera kumudzi woyandikana nawo. Anyakwawa atamva, anatuma anyamata anayi kuti agone pamalopo kulondera katundu. Mayi wina wa nyumba yapafupi anabwera ndi nsima ndi madzi, nauza mlembi uja kuti, "Asisi, tiyeni mukagone m'nyumba, kuno kuzizira." Kutacha, ngolo ziwiri zinayamba kututa madengu kupita pa tala. Pofika madzulo matimati ambiri anali ataphwanyika, ndipo otsalawo anagulidwa ndi mavenda a pamsewu pa mtengo wolira. Lole inakhala pamenepo masiku atatu itatseka njira, moti zimene zinkadutsa ndi njinga zokha. Ngongole ya ku banki mkhonde inatsala mmene inalili.

Pamsonkhano wotsatira panalibe amene anadzudzula mlembi. Mkangano unali pa msewu. Ena ankati ndi wa boma chifukwa ambulansi ndi galimoto za katemera zimadutsamo. Ena ankati ndi wa mfumu chifukwa anaulambula ndi makolo awo pa ntchito yachitukuko. Safunsa anadya phula, choncho anatuma mlembi ndi wapampando kuti akafunse kwa akuluakulu oona za misewu pa boma. Mkulu amene anawalandira anatambasula mapu patebulo, nalondola ndi chala msewu wa tala kufikira pamphambano yawo.

"Amayi, msewu wanu umayambira apa," anatero. "Koma monga mukuonera, pa mapu pano palibe. Sunalembedwe."

Msewu m'maso mwa lamulo

Zimene mkuluyo anafotokoza ndi zofunika kuti mlangizi ndi komiti ya chitukuko iliyonse izidziwe. Ku Malawi, lamulo la misewu lotchedwa Public Roads Act linakhazikitsidwa koyamba mu 1962, dziko lisanalandire ufulu, ndipo lakhala likukonzedwa m'zaka zotsatira. Mfundo imene linabweretsa ndi yakuti msewu sukhala wa boma chifukwa chakuti anthu ambiri amayendamo. Umakhala wa boma pamene nduna yaulengeza m'Gazeti ya boma ndi kuuika m'gulu lake.

Gulu la msewu limadziwika ndi chilembo. Chilembo M ndi cha misewu ikuluikulu, monga M1 wochokera ku Nsanje mpaka ku Karonga, M12 wa Lilongwe kupita ku Mchinji, ndi M6 wa Zalewa kupita ku Mwanza. Pansi pake pali misewu ya S, kenaka ya T, kenaka ya D imene ndi misewu ya m'maboma. Misewu ya m'mizinda ili ndi gulu lakelake. Chilembocho chimanena amene ali ndi udindo. Misewu ya M, S ndi T imayang'aniridwa ndi bungwe la Roads Authority, pamene ya m'maboma ndi ya m'mizinda ili m'manja mwa makhonsolo.

Msewu wolembedwa umakhalanso ndi malo otetezedwa m'mbali mwake. Lamulo lija linaika kuti msewu waukulu ukhale ndi mamita 60, kutanthauza mamita 30 mbali iliyonse kuyambira pakati pa msewu. Ndicho chifukwa chake amene amanga golosale kapena khola m'mbali mwa M1 amauzidwa kuti agwetse. Malo amenewa ali ndi ntchito: ngalande zamadzi, kukuza msewu mtsogolo, ndiponso poimika galimoto yowonongeka kuti isatseke njira. Msewu wa kumudzi wosalembedwa ulibe chitetezo chotere. Mlimi akhoza kulima mizere mpaka m'mphepete mwenimweni, ngalande n'kutsekeka, ndipo amene angamuletse ndi mfumu yokha.

Kwa zaka zambiri chiwerengero cha misewu yolembedwa ku Malawi chakhala chikuperekedwa kuti ndi makilomita oposa pang'ono 15,000, ndipo ya tala siyikwana gawo limodzi mwa magawo atatu. Kafukufuku wa m'zaka za m'ma 2000 anapeza makilomita enanso oposa 9,000 a misewu yosalembedwa imene imatumikira midzi. Msewu wa kalabu ija unali umodzi mwa imeneyi. Ndiyo misewu imene chimanga, mtedza, soya, mbatatesi ndi matimati zimayambira ulendo.

Pali chinthu china chodabwitsa. Malamulo oyendetsera galimoto, amene ndi osiyana ndi malamulo omangira misewu, amatanthauzira msewu motambasula. Chitsanzo chomveka ndi cha ku South Africa, kumene lamulo la National Road Traffic Act la 1996 limawerenga ngati msewu wa anthu onse malo alionse amene anthu amazolowera kudutsamo kapena amene ali ndi ufulu wolowamo, kuphatikizapo m'mphepete mwa msewu, milatho ndi madooko. Maganizo ake ndi omveka: munthu woledzera akagunda mwana panjira ya kuchigayo sangadziteteze ponena kuti njirayo ilibe nambala. Dalaivala wa lole ya matimati ija ankayenera kukhala ndi laisensi ndi inshuwalansi ngakhale ali pakati pa minda.

Choncho mawu amodzi omwewo ali ndi miyeso iwiri. Pofuna kupatsa munthu udindo, lamulo limatambasula dzanja mpaka kumudzi. Pogawa ndalama, dzanjalo limayamba layang'ana m'kaundula.

Ndalama za misewu

Mu 1997 Nyumba ya Malamulo ya Malawi inakhazikitsa bungwe la National Roads Authority, limene linkasonkhanitsa ndalama ndi kukonzetsa misewu lokha. Mu 2006 ntchitozi zinagawidwa pawiri: bungwe la Roads Authority linatenga yomanga ndi kukonza, ndipo la Roads Fund Administration linatenga yosonkhanitsa ndi kusunga thumba la ndalama za misewu. Dziko la Zambia linachita zofanana mu 2002, pamene linapanga malamulo atatu amene anabala Road Development Agency yomanga misewu, National Road Fund Agency yosunga thumba, ndi Road Transport and Safety Agency yoona za chitetezo. Ku Zimbabwe thumba lotere lili m'manja mwa ZINARA, ndipo ku Mozambique kuli Fundo de Estradas. Cholinga m'maiko onsewa chinali chimodzi, kuti ndalama zokonzera misewu zikhale pazokha, zisamasokonezeke ndi zofuna zina za boma.

Mtsinje waukulu wothira m'thumbali ndi msonkho wa mafuta. Pa lita iliyonse ya petulo kapena dizilo imene munthu wagula pa filing'i siteshoni pali kagawo ka misewu. Mtsinje wina ndi ndalama zimene malole a kunja amalipira podutsa m'dziko. Wachitatu ndi zipata zolipiritsa. Ku Malawi chipata choyamba chinatsegulidwa pa Chingeni m'boma la Ntcheu mu November 2021, ndipo chachiwiri pa Kalinyeke m'boma la Dedza mu January 2022, zonse ziwiri pa M1. Ku Zambia zipata zoterezi ndi zambiri ndipo zinayamba kale.

Apa ndi pamene mayi mlembi anafunsa funso limene linamupangitsa mkulu uja kukhala chete pang'ono. Ngati msonkhowo uli m'mafuta, ndiye kuti lole yawo inaulipira pa dizilo yense amene inatentha, kuphatikizapo wa makilomita 9 a m'matope aja. Wakabaza wa njinga yamoto amene sanapondepo tala mwezi wathunthu amaulipira. Mwini chigayo cha dizilo ndi mlimi wa pampu yothirira, amene makina awo sayenda n'komwe pamsewu, akagula mafuta pa pampu yomweyo amaulipiranso. Msonkho sufunsa nambala ya msewu. Imene imafunsa ndi bajeti.

Sikuti misewu yosalembedwa siyionako khasu. Ntchito za MASAF, zimene zinayamba m'katikati mwa zaka za m'ma 1990, zinalambula misewu yambiri ya m'midzi, ndipo mapologalamu a mthandizi, thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu ndi mabungwe omwe si a boma akhala akuthandizapo. Vuto ndi lakuti thandizo lotere limabwera mwa apo ndi apo. Msewu wolembedwa uli ndi mwini amene angafunsidwe chaka ndi chaka. Wosalembedwa umadikira mwayi, ndipo pulojekiti ikatha umabwerera kutchire.

Amene amalipira thandizo la panjira

Kukonza msewu ndi kuthandiza munthu amene wavutika pamsewu ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo malamulo a matumba a misewu analembedwa poganizira kwambiri yoyambayo. Komabe m'chigawo chino cha Africa muli njira zingapo zimene yachiwiriyo imalipiridwira.

Njira yoyamba ndi yakuti mwini galimoto alipiriretu yekha. Mabungwe a eni galimoto monga Automobile Association, limene ku South Africa linayamba mu 1930, amatumiza makaniko kapena galimoto yokoka kwa membala amene amapereka ndalama chaka ndi chaka. Makampani ena a inshuwalansi amachitanso chimodzimodzi kwa amene agula inshuwalansi yokwanira. Koma malole ambiri amene amafika kumidzi ndi akale, ndipo eni ake amagula inshuwalansi yotsika mtengo imene lamulo limakakamiza, yongolipira munthu wina amene wavulazidwa kapena kuwonongeredwa katundu. Inshuwalansi imeneyi siyikoka galimoto, ndipo mlimi asaganize kuti idzamubwezera mbewu zake zimene zaola pa lole.

Njira yachiwiri ndi ya chipata cholipiritsa. Msewu wa N4, wochokera ku Pretoria kupita ku Maputo, unaperekedwa mu 1997 kwa kampani ya Trans African Concessions pa mgwirizano wa zaka 30 ndi maboma a South Africa ndi Mozambique. Kampaniyi ili ndi gulu lotchedwa TRACAssist limene limayankha lamya usana ndi usiku ndi kupita kwa amene galimoto yawafera kapena achita ngozi. Msewu wa N3, pakati pa Cedara ndi Heidelberg panjira ya Durban ndi Johannesburg, unaperekedwanso kwa kampani mu 1999, ndipo nawonso uli ndi magalimoto oyendera msewu ndi nambala yoimbapo. Chofunika kuona ndi chakuti thandizo limeneli lili mbali ya ntchito imene woyendetsa msewu amagwira ndi ndalama za pachipata, ndipo limathera pamene malire a msewu wa mgwirizanowo athera. Munthu akangokhota kulowa njira ya kumunda, watulukamo.

Njira yachitatu ndi ya msonkho wa mafuta. Ku Namibia thumba la Motor Vehicle Accident Fund limalandira gawo la mtengo wa mafuta, ndipo lili ndi malo olandirira lamya amene amatumiza ambulansi pangozi ndi kulipira chithandizo cha ovulala. Ubwino wa njirayi ndi wakuti imatsata munthu wovulalayo. Ku Malawi, kumapeto kwa zaka za m'ma 2010, boma mothandizidwa ndi World Bank linayesa ntchito ya ambulansi za ngozi pa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, ndi nambala yaulere ya 118, ndipo anthu ena okhala m'mbali mwa msewuwo anaphunzitsidwa chithandizo choyamba. Ntchitoyi inali ya anthu ovulala, osati ya galimoto zowonongeka, ndipo inayambira pa msewu wodutsa magalimoto ambiri.

Kunena chilungamo, amene amakana kuti ndalama za misewu zizigulira magalimoto okoka ali ndi mfundo. Thumba silikwanira ngakhale kutseka maenje a pa tala. Kwacha iliyonse yopita ku breakdown yachotsedwa pa giredala kapena pa kamlatho, chonsecho kamlatho kabwino kakanaletsa ekiselo ija kuthyoka. Ndiponso chipata cholipiritsa chimapindula pamsewu wodutsa magalimoto zikwi patsiku. Pamsewu wodutsa malole asanu pasabata, ndalama yotoleredwa singalipire ngakhale mlonda wa pachipatapo.

Koma mbali inayo ilinso ndi mfundo. Galimoto yofera pamsewu si vuto la mwini wake yekha. Aliyense woyenda usiku pa M1 kapena pa Great East Road ya ku Zambia amaidziwa lole yoima mumdima, yopanda nyali, imene chenjezo lake ndi nthambi zingapo zoponyedwa pa tala. Lamulo limafuna kuti dalaivala aike zizindikiro zonyezimira za makona atatu kutsogolo ndi kumbuyo, koma nthambi siziwala, ndipo minibasi zambiri zathera kumbuyo kwa malole otere. Galimoto yoima popanda woiyang'anira imaitananso mavuto ena. Mu November 2016, pa Caphiridzange m'chigawo cha Tete ku Mozambique, thanki ya mafuta imene inaima panjira inaphulika anthu atasonkhana kudzatunga petulo, ndipo anthu oposa 50 anafa. Kuchotsa msanga galimoto yowonongeka ndi kuteteza malo angozi ndi ntchito yopulumutsa miyoyo ya anthu amene sanakwere n'komwe galimotoyo. Chifukwa cha ichi n'koyenera kuti ntchitoyi izilembedwa momveka m'lamulo ndi m'bajeti, makamaka pa misewu imene anthu amalipira pachipata.

Njira yachinayi, yosalembedwa paliponse

Pa makilomita zikwizikwi a misewu ya fumbi, thandizo la panjira lilipo kale, ndipo amene amalipereka ndi anthu a m'midzi. Ndiwo amene amakankha galimoto yotitimira, kubwereketsa khasu ndi nkhwangwa, kumanga ng'ombe pagoli kuti zikoke, kulondera katundu ndi kugoneka alendo. Pangozi, amene amayamba kufika si adokotala koma amayi ochokera kudimba ndi anyamata a kabaza. Ntchito yonseyi siyiwerengedwa m'bajeti iliyonse.

Ntchito yopanda dongosolo ili ndi zilema zake. Pali malo ena pamene anyamata amasangalala ndi matope chifukwa kukankha galimoto kwasanduka malonda, ndipo mtengo umakwera molingana ndi mantha a wovutikayo. Pali midzi ina imene lole ikagwa anthu amathamangira katundu m'malo mwa anthu. Ovulala amanyamulidwa mwachangu koma mosasamala msana ndi khosi, n'kuwonjezera kuvulala. Ndipo galimoto ikadzuka, miyala imene anatsekera matayala ndi nthambi zochenjezera zimasiyidwa pamsewu pomwepo, kudikira wanjinga wa usiku. Mudzi umene unathandiza kalabu ija unachita bwino chifukwa anyakwawa analamula msanga, anthu asanaganize zina.

Zimene midzi ingachite

Choyamba ndi kudziwa. Komiti ya chitukuko cha m'mudzi, imene ambiri amaitcha VDC, iyenera kufunsa ku khonsolo ngati msewu wawo uli m'kaundula, uli m'gulu liti, ndipo udindo wake uli ndi yani. Yankho limasonyeza khomo loyenera kugogoda. Midzi yambiri yataya zaka ikudandaula kwa anthu amene alibe mphamvu pa msewu wawo.

Chachiwiri ndi kulemba. Kuyambira pamene dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo la maboma ang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu mu 1998, zofuna za mudzi zimayenda kuchokera ku VDC, kupita ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, ADC, mpaka kulowa m'ndondomeko ya chitukuko cha boma lonse. Pempho lakuti msewu ulembedwe kapena ukonzedwe limamveka likakhala ndi umboni. Izi ndi zimene kalabu ija inachita. Mayi mlembi anatsegula tsamba latsopano m'buku lawo, nayamba kulemba midzi imene msewuwo umatumikira, sukulu ndi chipatala chimene chili m'njiramo, malole amene amalowa nthawi yokolola, masiku amene msewu unatsekeka m'dzinja, ndi malo atatu oipitsitsa. Khansala amene wapatsidwa pepala lotere amakhala ndi cholankhula m'khonsolo. Kulembetsa msewu kumatenga nthawi, ndipo nambala payokha siyikwirira dzenje, koma msewu wolembedwa umakhala ndi poyambira kufunsa.

Chachitatu ndi kupempha zotheka. Pempho la tala pa makilomita 14 likhoza kudikira m'badwo wonse. Pempho la kamlatho kamodzi, ngalande ndi miyala pamalo otitimira likhoza kukwanira m'ndalama za chaka chimodzi, ndipo nthawi zambiri msewu wa fumbi umafera pamalo ochepa omwewo chaka ndi chaka. Kutsegula ngalande mvula isanagwe ndi ntchito ya makasu, yosafuna chilolezo cha nduna.

Chachinayi ndi kukonzekera tsiku loipa. Kalabu yochita hayala galimoto igwirizane ndi mwini wake katundu asanakwezedwe, molemba ndi pamaso pa mboni, kuti galimoto ikafa panjira adzatumiza ina m'maola angati, ndipo hayala idzalipidwa yonse kapena theka. Woperekeza katundu akhale ndi manambala a lamya a makaniko, a eni ngolo ndi mathirakitala, a mafumu a m'njira, a polisi ndi a chipatala chapafupi. Pa dengu kapena thumba lililonse logulitsidwa kalabu ipatule kangachepe kosungira zadzidzidzi. Mafumu a m'mbali mwa msewu umodzi akhoza kugwirizana mtengo wodziwika wokankhira kapena kukokera galimoto, ndi chilango cha wobera katundu wa pangozi. Mabungwe a Red Cross m'maiko onse a m'chigawo chino amaphunzitsa chithandizo choyamba, ndipo mlangizi wa zaumoyo akhoza kuthandiza kuti anyamata a kabaza ndi ogulitsa malonda pamphambano akhale oyamba kuphunzira.

Chachisanu ndi kulankhula pamene malamulo ndi mitengo ya pazipata zikukambidwa. Mabungwe a alimi amafika kumisonkhano ya mtengo wa feteleza ndi wa chimanga, koma kumisonkhano ya misewu mipando yawo imakhala yopanda anthu. Mafunso oyenera kufunsa aphungu ndi makhansala ndi osavuta. Pa msonkho wa mafuta, ndi gawo lotani limene limafika kumakhonsolo? Wolipira pachipata galimoto yake ikafa, aimbire yani, ndipo zalembedwa pati? Kaundula wa misewu adzaunikidwanso liti, kuti misewu imene yakula chifukwa cha misika ndi masikimu atsopano ilowemo?

Miyezi yabwino yochitira zonsezi ndi ya chilimwe, pamene misewu ikuyendeka ndipo makomiti akulemba zofuna za chaka chamawa. Mvula yoyamba ikagwa, pepala limene silinafike ku khonsolo lidzadikira chaka china, ndipo alimi amene adzafese matimati a dzinja adzakhala akubetcha mbewu zawo pa kamlatho kamene palibe amene ali ndi udindo wokakonza.